Opesa ndi Opalasa: Mlandu wa Ubweya Sunathe ku Bradford

Mafakitale ambiri a ubweya kuno ku Bradford anatsekedwa kalekale. Ena anasanduka nyumba zogona anthu a ndalama, ena mosungira katundu, ena angoti chilili ndi mazenera osweka, nkhunda zikulowa ndi kutuluka ngati zinalipira lendi. Koma mkangano umene unkachitikira m'kati mwake sunatsekeredwe momwemo. Unatuluka pachipata limodzi ndi antchito omaliza, n'kukakhazikika m'basi, kometera tsitsi, pamsika, makamaka m'nyumba zosamalira okalamba momwe ambiri a ife ochokera kumudzi timagwira ntchito usana ndi usiku. Funso lake ndi limodzi lokha: nkhosa ikametedwa, ubweya wake uupote bwanji kuti utuluke ulusi weniweni? Wobwera kumene amayesa ndi nkhani ya mphindi ziwiri. Ife amene tiyi watizizirira m'manja podikira kuti ithe tinasiya kale kuyang'ana wotchi.

Mbali zake ndi ziwiri, ndipo munthu sasankha, amabadwiramo ngati chiwongo. Kuli a worsted, kuli a woollen. A worsted ndi opesa. Amafuna ubweya wautali, amaupesa ndi zipeso zachitsulo mpaka tsitsi lililonse litagona mbali imodzi ndi linzake, ndipo tatifupitifupi tonse amatichotsa. Ulusi wake umatuluka wosalala, wolimba, wosanyankhalala, wa suti ija imene munthu amavala popita kukapempha ngongole kubanki. A woollen ndi opalasa. Iwo alibe nthawi ya chipeso. Amadutsitsa ubweya pa magudumu okutidwa ndi timawaya, tsitsi lalitali ndi lalifupi n'kupiringizana, lina kuloza kum'mawa lina kumadzulo, mpweya n'kutsekeredwa pakati. Ulusi wake ndi wofufuma, wofunda, wa bulangete, wa juzi, wa jekete ya tweed.

Zikanathera pomwepo bwenzi tikugona msanga. Koma opesa amati ulusi wa anzawowo uli ngati mutu wa munthu amene wadzuka mochedwa n'kuthamangira basi. Opalasa amayankha kuti suti ya worsted njabwinodi, kwa munthu amene sanaimepo pasiteji mwezi wa January mphepo ikuchokera kumapiri a Pennines. Ena amalumbira kuti juzi ya woollen siitha mwezi isanamere timibulu m'khwapa. Enanso amalumbira mofanana kuti buluku la worsted silitha chaka lisanayambe kunyezimira kumatako ngati poto wotsukidwa ndi mchenga. Ife amene tavalapo zonse ziwiri, zogula m'mashopu a zovala zakale, tikuchitira umboni kuti palibe akunama. Timibulu tilipo, kunyezimira kuliponso.

Chimene mbali zonse sizikonda kuchitchula mokweza n'chakuti zimadyerana. Tatifupitifupi timene opesa amachotsa monyansidwa, timene amatitcha noil, satitaya kudzala ayi. Amatigulitsa, ndipo ogula ake ndi opalasa omwewo. Wina amanyoza mnzake kuti amatola zinyenyeswazi, komabe ndalama ya zinyenyeswazizo amailandira ndi manja awiri. Winayo amanyoza kuti opesa ndi owononga, komabe tsiku limene angasiye kuwononga iye adzasowa pogula. Zili ngati mkangano wa wogaya chimanga ndi woweta nkhumba pa nkhani ya madeya.

Mukaunguza bwino, ndi mlandu wa matauni. Bradford, Keighley ndi Halifax ankadziwika ndi worsted. Morley, Batley, Dewsbury ndi chigwa cha Colne ndi kwa opalasa. Huddersfield anaponda kuwiri, ndipo anthu ake, m'malo mochita manyazi, amati ndiye kuti amaposa onse pa zonse. A ku Bradford amakumbutsa aliyense kuti mzinda wawo unkatchedwa Worstedopolis, likulu la ubweya la dziko lonse lapansi. Mukafuna kuwazimitsa moto, funsani mofatsa kumene dzina loti worsted linachokera. Linachokera ku Worstead, kamudzi ka ku Norfolk, kutali kum'mawa, kumene ntchitoyi inakhwimira Bradford akadali kamsika kopanda mbiri. Akatero amatsokomola n'kuyamba kukamba za madzi. Pamenepo pokha ndi pamene onse amagwirizana: madzi otsika m'mapiri a kuno ndi ofewa, sopo amachita thovu msanga, ubweya umayera bwino. Pa madzi sitinamvepo ndewu.

Ngakhale poyeza ulusi sagwirizana. Wa worsted amawerenga mitolo ya mayadi 560 imene ingatuluke m'paundi imodzi. Wa woollen wa ku Yorkshire amawerenga ya mayadi 256. A kumadzulo kwa England ali ndi yawo ya 320, a ku Galashiels ku Scotland ali ndi yawoyawo, ndipo a ku Dewsbury, posafuna kutsalira, anali nayo yawonso. Ndiye munthu akati ulusi uwu ndi nambala 16, muyambe mwamufunsa kwawo. Ife sitidabwa kwambiri, poti tinakulira pamsika pomwe mbale yoyezera nyemba imakula ndi kuchepa malinga ndi nkhope ya wogula.

Mkangano wachiwiri uli m'kati mwa woyambawo, ndipo ndi umene umadzutsa agogo aamuna amene tsiku lonse amangosinza pampando. Ndi wa makina. Kuli okonda mule, kuli okonda ring. Mule ndi nyulu, mwana wa bulu ndi hatchi, ndipo makinawa anapatsidwa dzinali chifukwa Samuel Crompton, mu 1779, anakwatitsa makina awiri: jenny ya James Hargreaves ndi makina oyendera madzi a Richard Arkwright. Amagwira ntchito ngati munthu wopuma. Ngolo yaitali yodzaza ndi timitengo topotera imabwerera m'mbuyo ikukoka ndi kupota ulusi, kenako imaima, n'kubwerera kutsogolo ikukulunga. Kupita, kubwera, tsiku lonse, wantchito akutsatira pambuyo kulumikiza ulusi woduka. Ring alibe zopuma. Kachitsulo kakang'ono kamathamanga mozungulira mkombero, kupota ndi kukulunga nthawi imodzi, ndipo makinawo sasuntha pamalo pake.

Okonda mule amalankhula za makina awo ngati za mkazi woyamba. Amati pamene ngolo ikukoka, kupotako kumathamangira pamene ulusi waonda n'kupalimbitsa, ndiye pamene panenepa pokha ndi pamene pamatamuka, ulusi n'kudzikonza wokha. Zimenezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake mafakitale ena a ku Yorkshire ndi ku Scotland opota ubweya wa ana a nkhosa ndi wa cashmere akusungabe mule mpaka lero. Okonda ring sakana. Amangofunsa kuti chipinda chimene mule imodzi imadya popita ndi pobwera mungaikemo ma ring angati, nanga munthu wodziwa kuyendetsa mule amatenga zaka zingati kuti aphunzire, ndipo amafuna malipiro otani. Mafunso a abwana amenewo, ndipo abwana anayankha ndi chikwama. Ena amati mule anafa chifukwa anali wochedwa. Ena amati anaphedwa chifukwa oyendetsa ake anali amuna a mabungwe olimba, osaopa kunyanyala, pamene pa ring ankaikapo mtsikana wongotuluka kumene kusukulu. Ife tikuona ngati wochedwa uja akanakhala wotchipa, kuchedwa kwake akanakukhululukira.

Agogo ena amalumbira kuti pa mule ankayenda mtunda wokwana kuchoka ku Bradford kukafika ku Leeds tsiku lililonse, osatuluka m'chipinda. Sabata yotsatira mtunda uja wafika ku York. Pofika Khirisimasi amakhala atayandikira London. Sitiwatsutsa, poti mawondo awo tikuwaona tokha powasambitsa.

Pali chinthu china chimene chimawawa mbali zonse mofanana, ndipo mukafuna kuti opesa ndi opalasa akhale pa benchi imodzi, chitchuleni. Makina onsewa sanapangidwire ubweya, ndiponso sanapangidwe ku Yorkshire. Hargreaves, Arkwright ndi Crompton onse anali a ku Lancashire, tsidya lina la mapiri, anthu a thonje, amene a kuno amawaona ngati mmene ochemerera Bullets amaonera a Wanderers. Ring anachokera kutali kuposa apo, ku America, kwa John Thorp mu 1828. Ngakhale fakitale yoyamba kupota worsted ndi makina inali ku Dolphinholme, ku Lancashire komweko, mu 1784. Ya ku Addingham, ya kuno, inabwera mu 1787. A kuno amati zilibe kanthu, mphika sadyera amene anauumba. Za jenny nazonso zili ndi nthano yake. Ambiri amati linali dzina la mwana wamkazi wa Hargreaves amene anagwetsa chopotera cha amayi ake, bambo n'kuona gudumu likuzungulira chogona, nzeru n'kubwera. Nthano yokoma. Vuto ndi lakuti pa ana ake panalibe Jenny, ndipo odziwa amati linali chabe katchulidwe ka mawu oti injini. Crompton mwiniwake, amene makina ake analemeretsa theka la kumpoto kuno, sanawalembetse m'dzina lake. Nyumba ya malamulo inamupatsa mapaundi 5,000 mu 1812, ndipo anamwalira wosauka mu 1827.

Opesa nawonso sali amodzi. Kunali kupesa kwa Chibradford, kothira mafuta pa ubweya, koyenera nkhosa za tsitsi lalitali lonyezimira, ndipo kunali kupesa kwa Chifalansa, kouma, kokhoza kugwira ubweya waufupi wofewa wa nkhosa za merino. A kuno ankaseka njira ya Afalansa mpaka m'zaka za m'ma 1870, pamene amayi a ku London anatopa ndi nsalu zouma zonyezimira n'kuyamba kufuna zofewa zogwa bwino pathupi, zimene Roubaix ndi Reims ankapanga. Kusekako kunachepa. Lero Bradford ndi Roubaix ndi mizinda ya pa ubale, imatumizirana nthumwi. Ena amati ndi chikondi. Ena amati ndi mmene amachitira akazi awiri a mwamuna mmodzi mwamunayo akamwalira: polimbirana palibenso, ndiye bwanji osathandizana kulira.

Nanga chipeso cha makinacho anapanga ndani? Apa ndiye musayambe ngati muli pa changu. Kupota kunalowa m'fakitale msanga, koma kupesa kunakanirira m'manja kwa zaka zina makumi angapo. Opesa pamanja ankatenthetsa zipeso zawo pa mbaula ya makala m'chipinda chomwecho chimene ana ankagona, mazenera otseka, ndipo anali anthu onyada, okhala ndi woyera wawowawo, Blazio, bishopu uja anazunzidwa ndi zipeso zachitsulo, yemweyo amene Akatolika timadalitsa naye pakhosi pa 3 February. Chifanizo chake chilipobe pakhomo la Wool Exchange pakati pa mzinda, kuyang'anira anthu olowa kukagula mabuku ndi kumwa khofi, poti malonda a ubweya anachokamo. Mu 1825 opesawo anachita chikondwerero chachikulu cha woyera wawo, chaka chomwecho ananyanyala ntchito milungu yoposa 20, n'kugonja. Pofika m'ma 1850 makina anali atawadyera ntchito. Woyamba kuyesa makina opesera anali m'busa, Edmund Cartwright, cha mu 1790. Koma amene anawafikitsa pogwira ntchito bwino, ena amati ndi Samuel Cunliffe Lister, ena amati ndi Isaac Holden, ena amatchula James Noble, ndipo Afalansa amati nonsenu munaonera kwa Josué Heilmann. Lister ndi Holden anayamba ali pa mgwirizano, anatsegulira limodzi fakitale ku France, kenako anapatukana n'kukhala zaka zambirimbiri akulemberana makalata onyozana m'nyuzipepala. Holden anamwalira mu 1897 ali ndi zaka 90, Lister mu 1906 ali ndi 91. Ena amati chinawasunga nthawi yonseyo ndi chakudya chabwino. Ambiri amati aliyense ankakana kufa mnzake asanavomere. Lister anapereka ndalama zomangira Cartwright Hall, imene inatsegulidwa mu 1904, polemekeza m'busa uja. Amiseche amati cholinga chinali kuuza dziko kuti ngati ulemu suli wa Lister, usakhalenso wa Holden. Holden yemweyo ankanenanso kuti ndiye anatulukira machesi. Mwina munthu akazolowera kulimbirana sasankhanso.

Chumuni cha fakitale ya Lister chikuonekabe kulikonse kumene mungaime, mamita pafupifupi 76 pamwamba pa Manningham. Aliyense anamva kuti pamwamba pake n'potakata moti ngolo ya hatchi ingazungulire. Palibe amene anaona hatchiyo, ndipo palibe amene anafotokoza mmene inakwerera. Chimene chimaiwalika pokamba n'chakuti fakitale imeneyi, imene opesa amailoza ngati kachisi wa worsted, inatchuka ndi silika ndi veleveti. Ndi pomwepanso pamene antchito, atadulidwa malipiro, ananyanyala kuyambira December 1890 mpaka April 1891. Anagonja, koma mkwiyo wawo unabala chipani cha Independent Labour Party, chimene chinakhazikitsidwa mumzinda uno mu 1893.

Tsopano tifike kwa amene onse amawayang'anira pansi, amene ife a kumudzi timawamvera chifundo chapadera. Mu 1813, ku Batley, Benjamin Law anapeza njira yopera nsanza za ubweya n'kuzibwezera kukhala tsitsi, kusakaniza ndi ubweya watsopano pang'ono, n'kupotanso. Ulusi umenewo ndi shoddy. Patapita zaka ena anapezanso njira yopera nsalu zolimba ndi zidutswa za kwa telala, n'kuzitcha mungo. Nthano ya dzinali imati kapitawo anadandaula kuti zinthuzo sizikuyenda m'makina, mwini fakitale n'kuyankha m'kalankhulidwe ka kuno kuti ziyenda basi, zifune zisafune, mawuwo n'kukhala dzina. Ena amati zoona, ena amati anazipeka m'bala. Makina operawo ankawatcha mdyerekezi, ndipo fumbi lake linkatsamwitsa tauni yonse. Chipeso sichingagwire tsitsi lalifupi chotere. Ndi opalasa okha angalipote. Ndiye opesa anapeza ndodo yabwino yokwapulira anzawo: onani, abale anu amaveka anthu zinyalala. Mawu oti shoddy mpaka analowa m'Chingerezi kutanthauza chinthu chachabechabe, makamaka asilikali a pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America atavekedwa mayunifolomu osungunuka ndi mvula.

Koma funsani wa ku Dewsbury. Adzakuuzani kuti nsanza zinkabwera kuchokera m'maiko ambiri kudzagulitsidwa pa okushoni m'tauni mwawo, kuti mabulangete ndi majasi a asilikali ochuluka anachokera m'menemo, ndi kuti mmphawi wa nthawi imeneyo, amene suti ya worsted ankangoiona pa abwana, anafunda chifukwa cha shoddy. Apa woweruza akuvula mkanjo n'kulowa m'bwalo, pepani. Ife amene tinakula tikudikira belo la kaunjika kuti lidulidwe, tikudziwa kuti juzi imene inatipulumutsa ku chisanu cha June ku Dedza kapena ku Mzuzu inali itafunditsapo kale mwana wina kutsidya kwa nyanja, ndipo sinatifunse mafunso. Choseketsa n'chakuti zomwezo akuchita lero ku Prato, ku Italy, ndipo kumeneko sazitcha zinyalala. Amati n'kusamala chilengedwe, mtengo wake n'kukwera. A ku Batley akamva amagwira pakamwa. Zaka 200 akunyozedwa chifukwa cha ntchito imene ena akulandirira mphoto.

Opalasa ali ndi lipenga lina limene amaliliza akapanikizika. Amati asilikali aja oima ngati zipilala pa Buckingham Palace, nsalu yofiira imene amavala ndi ya woollen, yochokera ku fakitale ya Hainsworth ku Pudsey, pakati pa Bradford ndi Leeds, imene inayamba mu 1783. Opesa amayankha kuti chabwino, alonda avale woollen, koma amene akulondedwawo akapita kwa atelala a ku Savile Row amasankha worsted ya ku Huddersfield. Ndiye wina amaponyapo za tebulo la snooker, kuti nsalu yake ndi ya woollen, ili ndi ubweya wogonera mbali imodzi umene umawongolera mpira. Wina n'kuti matebulo a pool a mipikisano ya ku America amayala worsted kuti mpira uthamange. Mpaka pano sitinamve kuti mpira unafunsidwa.

Pakati pa awiriwa pali mwana amene aliyense amamukana. Amamutcha semi-worsted: ubweya wopalasidwa, wowongoledwa pang'ono, koma wosapesedwa. Opesa amati si wathu, sanaone chipeso. Opalasa amati si wathu, akudzionetsa. Iye ali phee pansi, m'makapeti, onse awiri akumuponda.

Si onse amene amasangalala ndi mkanganowu. Ali ndi mawu awo abambo aja anachokera ku Mirpur, ku Pakistan, m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, pamene eni mafakitale anagula makina atsopano ofunika kuyenda usana ndi usiku, lamulo likuletsa akazi kugwira usiku, azungu aamuna asakufunanso ntchitoyo. Iwo amati usiku makina onse amalira mofanana, ndipo palibe anawafunsa ngati akonda mule kapena ring. Ali ndi mawu awonso amayi okalamba amene anagontha ndi phokoso, amene mpaka lero amawerenga milomo, moti mukamanong'onezana pakhomo kuti mankhwala awabisire m'phala amakuyankhani ali kutsidya la chipinda. Ndipo pakati pa mzinda pali chifanizo cha Richard Oastler ndi ana awiri, munthu amene mu 1830 analemba m'nyuzipepala ya Leeds Mercury kuti anthu akulira ukapolo wa kutali pamene m'mafakitale a worsted a ku Bradford ana aang'ono akugwira ntchito kuyambira m'bandakucha mpaka usiku. Opalasa amakonda kukumbutsa kuti anatchula worsted. Opesa amafunsa kuti nanga pansi pa mule ankakwawa ndani, mbuzi? Panalinso nthenda ya osankha ubweya, anthrax, imene inkabwera m'mabelo a alpaca ndi mohair ochokera kunja n'kupha munthu m'masiku ochepa, ndipo inafala kuno moti Afalansa anaitcha nthenda ya Bradford. Dzina limeneli palibe tauni ina imene inalimbirapo.

Mukatopa ndi okalamba, pitani kwa amayi ndi atsikana amene ayambiranso kupota pamanja, amene amadzaza Skipton pa chionetsero cha Yarndale. Mudzayesa kuti kumeneko kuli mtendere, poti kulibe abwana, kulibe belu. Ayi ndithu. Ena amakoka dzanja patali kuti mpweya ulowe, ena amatsina pafupi kuti ulusi usalale, ndipo amayang'anizana ndi diso lomwe lija la Batley ndi Bradford. Ena amati gudumu lopondera ndiye lenileni, ena amati kamtengo kolendewera ndiye chiyambi cha zonse. Mmodzi wa ife atawaona anaseka n'kunena kuti agogo ake a ku Chigwa cha Shire akanawaposa onsewo. Sananame kwenikweni: Amang'anja ankalima thonje, kulipota pa kamtengo kotero ndi kuomba nsalu zawo, ndipo David Livingstone anawapeza akuchita zimenezo mu 1859. Akuluakulu amati kamtengo kopoterako ndiko kankatchedwa njinga, yopalasa ija isanabwere kudzalanda dzina. Koma limenelo ndi thonje, ndipo kutchula thonje pakati pa anthu a ubweya kuli ngati kuitanitsa mpunga pamwambo wa nsima.

Nanga lero zili pati? Fakitale ya Titus Salt ku Saltaire, imene inatsegulidwa mu 1853 n'kutchuka ndi alpaca, inasiya kupanga nsalu mu 1986. Tsopano anthu amapitako kukaona zithunzi za David Hockney, ndipo mudzi wonsewo uli pa mndandanda wa UNESCO kuyambira 2001. Makina opesera ndi opotera mungawaone ku Bradford Industrial Museum, m'fakitale yakale ya Moorside, ndipo mule ali ku Armley Mills ku Leeds. Ubweya wa nkhosa za ku Britain ukugulitsidwabe kudzera ku British Wool, imene likulu lake lili mumzinda uno, koma wambiri ndi wokhakhala, umathera m'makapeti, ndipo alimi amadandaula kuti zaka zina ndalama yake siikwana kulipira wometa. Wa suti zapamwamba ndi merino wa ku Australia, ndipo wochuluka umakatsukidwa ndi kupesedwa ku China. Ena amati anapha ntchito ndi Mataliyana a ku Biella, ena amati ndi boma, ena amati ndi eni mafakitale amene anagula magalimoto m'malo mwa makina, ena amati ndi mabungwe a antchito. Ena amaloza mapaipi otenthetsera m'nyumba, amati munthu wofunda kale safunanso bulangete lolemera. Onse amene akunena izi, mukawayang'ana bwino, avala majekete a polyester.

Usiku wina wa chisanu, m'nyumba ina yosamalira okalamba, agogo awiri anali atakokana kuyambira pa chakudya chamadzulo, wina mwana wa opesa, wina mwana wa opalasa. Mtsikana wathu wina wa ku Ntcheu analowa ndi makapu a tiyi, atavala juzi yake yatsopano yobiriwira imene ankanyadira sabata yonse.

"Tabwera kuno, mwanawe," anatero agogo aakazi. "Utiweruze ndi juzi yakoyo."

"Ine, agogo? Ine za ubweya sindizidziwa."

"Iwe usadziwe, zala zanga zidziwa."

Anagwira mkono wa juziyo, kuufinya, kuupotokola pang'ono pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Agogo aamuna anasendeza mpando wawo wa magudumu, nawonso n'kugwira mkono winawo, kuuyandikiza kumphuno. Mtsikana anangoima pakati, manja ali tambalale, tiyi akuzizira patebulo. Anayang'anizana okalamba aja, nthawi yoyamba usiku umenewo opanda mkwiyo.

"Acrylic," anatero onse pamodzi.

Anamuuza kuti mawa abwere ndi singano zolukira, amuphunzitse kuluka ya ubweya weniweni. Atafunsa kuti akagule ulusi wamtundu wanji, mkangano unayambira pomwe unalekera.